Mwana amalidziwa tsiku la malipiro

Mwezi ukatha mashabini a ku Tembisa, Daveyton ndi Katlehong amadzaza, ndipo ambiri a ife timakhala momwemo. Sitikuweruzani. Munthu amene wapirira mwano wa bwana mwezi wathunthu, kwinaku akuopa apolisi chifukwa cha mapepala, amafuna poiwalira mavuto.

Koma m'chipinda chimodzi cha lendi mulibe chobisika. Kumudzi bambo akabwera ataledzera, mwana ankathawira kwa agogo kapena kwa azakhali. Kuno athawira kuti? Amagona maso ali gwa, kumvetsera mapazi pakhomo kuti adziwe ngati usiku uno kugwa ndewu. Mantha otere akakhalitsa amasanduka nkhawa yosatha, ndipo mwana satha kuitchula dzina. Mudzangoona akudandaula m'mimba m'mawa uliwonse, wayambanso kukodza pogona, kapena wasiya kusewera ndi anzake. Kum'kwapula pamenepo ndi kuwonjezera bala.

Si mowa wokha. Mayi amene mtima wake walema, wongokhala duu akaweruka kuntchito, naye mwana amamuwerenga nkhope, nadziimba mlandu kuti wolakwa ndi iyeyo. Kuvutika maganizo ndi matenda ndithu, ndipo amachizika. Bungwe la SADAG limapereka uphungu pafoni, la SANCA limathandiza ofuna kusiya mowa, ndipo mwana angathe kuimba yekha ku Childline pa 116 osalipira. Inu a m'mafamu, dziwani kuti lamulo la mowa la 2003 limaletsa bwana kukulipirani ndi mowa m'malo mwa ndalama.

Za sukulu ndiye zimatipweteka kwambiri. Makolo ambiri amene anasiyira sukulu panjira amachita manyazi ndi kalata ya Chingerezi, ndipo amajomba misonkhano ya makolo. Mwana amatsala yekha, kukhala womasulira nkhani zomukulira msinkhu. Ena sam'lembetsa n'komwe poopa kufunsidwa mapepala, chonsecho mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa zikalata. Kwa mwana wa m'nyumba ya phokoso, kalasi ndi malo amene mawa limafanana ndi lero.

Mukaitanidwa kusukulu, pitani, ngakhale mutatenga mnzanu wodziwa Chingerezi kapena Chizulu. Mphunzitsiyo mumuuze zoona za kunyumba, kuti adziwe chimene mwana akugonera m'kalasi Lolemba lililonse.