Si kutupa mimba kulikonse komwe ndi khansa

Mimba ikatupa, thupi n'kumaonda, mabanja ambiri ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amangoti ndi khansa basi. Ena amataya mtima, ena amagulitsa katundu kuti alipire asing'anga.

Chikhalirecho TB, yomwe ambiri amaiyesa matenda a m'chifuwa mokha, imagwiranso matumbo, makamaka mwa anthu omwe ali ndi HIV. Tizilombo take timadzaza madzi m'mimba ndi kuyambitsa zotupa zooneka ngati khansa.

Chosiyanitsa n'kuyezetsa. Ku chipatala cha Gulupu madokotala amaunika m'mimba n'kupima madziwo kapena kanyama ka chotupacho. Ikapezeka TB, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, amamwa kosachepera miyezi 6, ndipo imachizika. Chomwe chimapha n'kuchedwa naye wodwala pakhomo.