Mabuku olemeretsa ali mbwee m'misewu, nanga olemerawo ali kuti?

Mukamayenda mu Victoria Avenue mu mzinda wa Blantyre, kapena ku Limbe cha pokwerera maminibasi, ngakhalenso ku Old Town ku Lilongwe, simulephera kuona anyamata atayala mabuku pakhonde la sitolo. Pakati pa mabaibulo ndi mabuku a sukulu pamakhala mulu wina wa mabuku olonjeza kumusandutsa munthu kukhala wachuma kapena wanzeru: Rich Dad Poor Dad, Think and Grow Rich, The Richest Man in Babylon, How to Win Friends and Influence People, Atomic Habits ndi ena otero. Amene alibe ndalama yogulira amangotumizirana pa WhatsApp, makamaka ophunzira a m'makoleji.

Ndiyambe ndavomera kuti ine ndine mmodzi mwa anthu amene anawerenga mabuku amenewa, ena mpaka kawiri katatu. Choncho sindikulemba ngati mdani wawo ayi. Ndiponso ife amene tinaona nthawi ya chipani chimodzi, pamene Censorship Board yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968 inkatisankhira zoti tiwerenge, sitingadandaule poona mabuku atangoti mbwee panjira. Umenewo ndi ufulu, ndipo tinaulirira. Koma funso limene limandivuta nthawi zonse ndi ili: ngati mabukuwa amalemeretsadi, bwanji mnyamata wowagulitsa uja akadali pakhonde lomwelo chaka ndi chaka?

Yankho langa, abale anga, ndi lakuti buku lililonse lili ndi kwawo komanso nthawi yake. Linalembedwa ndi munthu wina, kulembera anthu ena, m'dziko limene ndalama zake, mabanki ake ndi malamulo ake ndi osiyana ndi athu. Wowerenga amene safunsa kumene buku lachokera ali ngati mlimi amene wagula mbewu ya ku Dedza n'kukaidzala ku Nsanje, kenako n'kumadabwa kuti bwanji yapserera.

Tiyeni tiyambe ndi The Richest Man in Babylon, limene ine ndimalikonda kuposa onse. George Clason analitulutsa mu 1926 ku America, ndipo nkhani zake zinayamba ngati timapepala timene mabanki ndi makampani a inshuwalansi ankagawira makasitomala awo. Langizo lake lalikulu ndi losavuta: pa ndalama iliyonse imene wapeza, patula gawo limodzi mwa magawo khumi, ulisunge. Langizo labwino zedi. Komatu anthu a m'nkhani zake ankasunga golide, ndipo owerenga ake oyamba ankasunga madola. Ife timasunga makwacha.

Mukukumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2023? Banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Tiwerengere limodzi. Mayi wogulitsa kaunjika amene anali atasunga K118,000 anagona ali ndi ndalama zokwana madola 100, koma anadzuka ali ndi madola 69 okha. Palibe mbala imene inathyola chitseko chake. Iye anatsatira buku mokhulupirika, koma atapita kukaoda belo anapeza mtengo wathawa. Ndipo kumeneku sikunali kuyamba, chifukwa mu Meyi 2022 kwacha yomweyo inali itagwa kale ndi 25 peresenti.

Kodi ndiye kuti Clason ananama? Ayi. Chizolowezi chopatula kangachepe usanayambe kudya ndi chabwino kulikonse. Chimene bukulo silingakuuzeni n'chakuti kuno ndalama yogona m'chitini imasungunuka ngati mchere pamvula. Amayi a m'misika anazindikira kale zimenezi opanda buku. Akapatula kandalama amakasandutsa katundu wosaola msanga, amagula mbuzi kumudzi, kapena amakazunguza ku banki m'khonde ndi m'chiperegano. Nzeru ya Clason imagwira ntchito pokhapokha ikakumana ndi nzeru ya amayi amenewa.

Tibwere kwa Robert Kiyosaki ndi Rich Dad Poor Dad, buku la 1997 limene anyamata ambiri amalitenga ngati katekisimu. Muli phunziro limodzi limene ndimalilemekeza: kusiyanitsa katundu wokubweretsera ndalama ndi katundu wokudyera ndalama. Njinga ya kabaza imabweretsa, foni yodula yongojambulira zithunzi imadya. Pamenepo tagwirizana. Koma Kiyosaki amalimbikitsanso kugwiritsa ntchito ngongole pogula nyumba zochititsa lendi. Pamene ankalemba, Mmereka ankatha kukongola ndalama yogulira nyumba pa chiongoladzanja cha pakati pa 7 ndi 8 peresenti pachaka, n'kumabweza kwa zaka 30. Kuno mu Febuluwale 2024 banki ya Reserve inakweza chiongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawo amaonjezera yawo pamwamba. Mukakongola K1,000,000 pa 30 peresenti, ndiye kuti K300,000 pachaka ndi ya chiongoladzanja chokha, mpamba musanaukhudze n'komwe. Nanga venda amene banki singamuyang'ane n'komwe, amene amathamangira kwa a katapila ofuna kuti K10,000 ibwerere ili K15,000 pakutha pa mwezi? Ameneyo akamvera zoti ngongole ndi bwenzi, mawa lake mudzamva kuti amulanda mbaula ndi matilesi omwe.

Ndipo tisaiwale kuti mu 2012 kampani ina ya Kiyosaki yemweyo, Rich Global, inalengeza kuti yalephera kulipira ngongole zake bwalo la milandu litailamula kupereka madola pafupifupi 24 miliyoni. Ku America lamulo linateteza chuma cha mwini wake chifukwa mlandu unali wa kampani. Inu amene geni yanu ndi thumba lanu zili chimodzi, adzakutetezani ndani?

Pali chinanso chimene chimandipweteka mtima. Mabuku amenewa asanduka nyambo ya anthu ochenjera. Kiyosaki mwiniwake analemba buku lina mu 2010, The Business of the 21st Century, loyamikira malonda aja oti ulowe ndi ndalama kenako ubweretse anzako. Mwana wa mlongo wanga, wophunzira pa koleji ina, anaitanidwa ku msonkhano wotere m'holo ina m'tauni muno. Wolankhula anali mu suti yonyezimira, buku lili m'manja, akuti ntchito yolembedwa ndi ukapolo ndipo digiri ndi pepala chabe. Mwanayo anapereka ndalama yake ya chakudya ya teremu yonse kuti alowe, atamuuza kuti akangopeza anzake asanu basi walemera. Anapeza mmodzi yekha, ndipo mpaka lero awiriwo salankhulana. Akanangotenga pensulo akanaona chinyengo chake. Ngati aliyense ayenera kubweretsa anthu asanu, pofika mzere wa 11 pafunika anthu oposa 48 miliyoni, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tonse, makanda omwe, tinalipo 17.5 miliyoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga Think and Grow Rich? Napoleon Hill analitulutsa mu 1937, Amereka ali pa mavuto aakulu a zachuma amene anayamba mu 1929, anthu miyandamiyanda ali pa ulova. Anthu osweka mtima ankafuna wowauza kuti zinthu zidzayenda, ndipo Hill anawauza kuti chuma chimayambira m'maganizo. Iye ankati anatumidwa ndi mpondamatiki wa zitsulo Andrew Carnegie kuti afufuze chinsinsi cha anthu olemera, koma David Nasaw, amene analemba mbiri ya moyo wa Carnegie, ananena kuti sanapeze umboni woti awiriwa anakumanapo. Sindikukana kuti munthu wotaya mtima sapita patali. Vuto langa ndi mbali inayo ya chiphunzitsochi. Ngati chuma chimachokera m'maganizo, ndiye kuti wosauka aliyense ndi wolakwa yekha. Kodi bambo wa ku Chilobwe amene okala yake inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaganiza molakwa? Kodi wogulitsa nsomba zaziwisi amene katundu wake waola chifukwa magetsi azima ndi wamaganizo ofooka? Chiphunzitso chotere chimawakomera kwambiri olamulira, chifukwa nzika imene ikudziimba mlandu siifunsa za mitengo ya feteleza, za misonkho kapena za kusowa kwa mafuta.

Tsono mwina wina afunsa: ndiye titaye mabuku? Kutalitali! Ndikuti tisinthe kawerengedwe. Mzinda wa Blantyre umene tikuchitamo geni uno unatenga dzina ku mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Iye anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, ndipo ndi malipiro ake oyamba anagulako buku lophunzirira Chilatini, n'kumaliwerenga uku makina akuzungulira. Samuel Smiles anaika nkhani imeneyi m'buku lake lotchedwa Self-Help, limene linayamba kutuluka mu 1859 ndipo ndi gogo wa mabuku onse tikukambawa. Onani bwino: limene linamutukula Livingstone silinali buku lomuuza kuti ndiwe wopambana. Linali buku louma, lomupatsa luso limene analibe.

Chitsanzo china chili pakhomo pompano. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. M'kalaibulale kakang'ono ka kwawoko anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, pachikuto pali makina oyendera mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsatira zithunzi. Ndi zitsulo zotola kudzala, ziwiya za njinga, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, anamanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake ali ndi zaka 14. Mu 2009 nkhani yake inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 kunatuluka filimu yake. M'buku limene iye anabwereka lija munalibe mawu amodzi onena za kulemera. Munali mawaya, maginito ndi mphepo, ndipo iye anatseka buku n'kupita kudzala kukatola zitsulo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Buku lothandiza ndi limene ukalitseka umadziwa choti uchite ndi manja ako mawa m'mawa. Ngakhale m'mulu wa pakhonde uja alimo otero. Dale Carnegie, m'buku lake la 1936, amaphunzitsa kukumbukira dzina la munthu, kumvetsera kuposa kulankhula, ndi kupewa kukangana ndi munthu pagulu. Zimenezo mukhoza kuziyesa lero lomwe pa benchi yanu ku Tsoka kapena ku Zigwagwa, osalipira tambala, ndipo agogo athu ankazitcha ulemu. James Clear, mu Atomic Habits ya 2018, akuti zizolowezi zing'onozing'ono zobwerezedwa tsiku ndi tsiku n'zimene zimasintha munthu. Kwa wamalonda, chizolowezi chimenecho ndi kope lolembamo madzulo aliwonse zimene waoda, zimene wagulitsa, amene akongola, ndi zimene wadya. Ine nditayamba kulemba chotere ndinachita manyazi kupeza kuti chimene ndinkachitcha phindu chinali mpamba umene ndinkaudya pang'onopang'ono. Palibe semina imene inandiuza zimenezo. Linandiuza ndi kope.

Choncho musanatulutse ndalama pakhonde paja, kapena musanamalize bandulo yanu potsitsa buku pa intaneti, dzifunseni mafunso atatu. Kodi wolembayu analembera anthu a dziko liti ndipo chaka chanji? Kodi iye analemera ndi zimene akuphunzitsazo, kapena analemera pogulitsa mabuku ndi masemina kwa anthu ngati ine? Nanga ndikamaliza kuwerenga, n'chiyani chimene ndikachite Lolemba chimene ndingachiwerengere ndi pensulo? Buku likalephera mafunso amenewa, liwerengeni ngati nthano yokomera khutu, koma musaliikire mpamba wanu.

Kwa inu ophunzira, musanyoze mabuku a m'kalasi chifukwa choti munthu wina wa ku Hawaii wati sukulu siilemeretsa. Iye mwini anapita ku koleji n'kumaliza. Malaibulale a National Library Service alipo m'mizinda yathu, ndipo buku la akaunti, la ulimi wa nkhuku kapena la kukonza magetsi likhoza kukupatsani zambiri kuposa mabuku khumi okuuzani kuti ndinu mkango. Ndipo inu odziwa kulemba, mudzatilembera liti buku la m'Chichewa lofotokoza kasungidwe ka mpamba kwacha ikamagwa, kaikidwe ka mtengo pa katundu woodedwa ndi madola, kapena kakanidwe ka m'bale wofuna kukongola pa okala popanda kudana naye? Nzeru zimenezo zili mbwee m'misika mwathu, zikungosowa wozilemba.

Tiwerenge ndithu, abale anga, koma diso limodzi pa buku, lina pa mtengo wa dola. Wakutsina khutu ndi mnansi.