Mudzi umene umadikira madzi: tiyende ku Kampong Phluk

Mukaona nyumba itakhala pamwamba pa mizati yotalika mamita 6, mungaganize kuti eni ake akuthawa zilombo kapena akuba. Ku Kampong Phluk, m'dziko la Cambodia, mizati imeneyi ndi muyezo wa pamene madzi amafika chaka chilichonse.

Mudziwu ndi wa asodzi a mtundu wa Khmer, ndipo uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Siem Reap, kumene alendo amafikira akafuna kukaona kachisi wotchuka uja wa Angkor Wat. Uli m'mphepete mwa Tonle Sap, nyanja yaikulu kuposa zonse za madzi opanda mchere kum'mwera chakum'mawa kwa Asia.

Nyanjayi ili ndi khalidwe lakelake. Pali mtsinje, dzina lake ndi Tonle Sap lomwelo, umene umatulutsa madzi m'nyanjamo n'kukawathira mu mtsinje waukulu wa Mekong mumzinda wa Phnom Penh. Koma mvula ikalimba cha mu June, Mekong amadzaza kwambiri mpaka kukankha madzi a mtsinje waung'onowo kuti abwerere kumene achokera. Eya, mtsinje umatembenuka n'kuyamba kuyenda chobwerera! Pamenepo nyanja imakula kasanu kapena kuposerapo, ndipo malo amene madzi amalekeza m'chiuno amazama mamita 8 kapena kuposa. Cha mu November mtsinje umatembenukanso, ndipo dziko lonse limachita chikondwerero cha Bon Om Touk, chokhala ndi mipikisano ya mabwato.

N'chifukwa chake mudziwu uli ndi nkhope ziwiri. Mukapita mu April, mukapeza msewu wafumbi, njinga zamoto zikudutsa, ana akusewera kunsi kwa nyumba, abambo akusoka maukonde ndi kumata mabwato, amayi atayanika tinkhanu tating'ono padzuwa. Kuti mulowe m'nyumba, muyenera kukwera makwerero ataliatali. Bwereraninso mu October: msewu uja kulibe, mpaka mungakayike ngati ndi pomwe paja. Bwato limaima pakhomo penipeni, ana amapalasa popita kusukulu, wogulitsa ndiwo ndi sopo amayenda khomo ndi khomo pa bwato lomwelo.

Nanga munthu angapirire bwanji moyo woterewu? Yankho ndi nsomba. Madzi akasefukira amamiza nkhalango ya m'mbali mwa nyanja, nsonga zokha za mitengo n'kumaonekera. M'nkhalango yomirayo ndi mmene nsomba zimapeza chakudya ndi pobisala mpaka kukula. Madzi akamabwerera, asodzi amakolola. Tinsomba ting'onoting'ono totchedwa trey riel amatithira mchere, kutisinja n'kutisunga m'mitsuko kwa miyezi. Ndiwo imeneyi ndi prahok, ndipo fungo lake si lamasewera, koma ndi imene imasunga mabanja nthawi imene nsomba zasowa. Moyo umenewu ndi wakalekale. Pa makoma a kachisi wa Bayon, amene anamangidwa zaka zoposa 800 zapitazo mu ulamuliro wa mfumu Jayavarman VII, pali zithunzi zosema za mabwato, nsomba ndi asodzi.

Tsopano nayi nkhani yodandaulitsa. Kumtunda kwa Mekong, ku China ndi ku Laos, amanga madamu ambiri opangira magetsi. Madamuwa amasunga madzi nthawi ya mvula n'kumawatulutsa m'chilimwe, komanso amatsekereza nsomba ndi matope achonde. Onjezanipo chilala, kudula mitengo ya m'nkhalango ija ndi kusodza mopyola muyezo. Mu 2019 ndi 2020 mtsinje unachedwa kutembenuka, nyanja sinadzaze monga mwa masiku onse, ndipo asodzi ankabwerako ndi tinsomba towerengeka. Boma linathetsa mu 2012 dongosolo lobwereketsa zigawo za nyanja kwa amalonda akuluakulu kuti asodzi wamba apezeko mpata, koma lamulo silingabweze madzi. Achinyamata ambiri a m'midzi yotereyi akupita kukasaka ganyu ku Phnom Penh kapena ku Thailand.

Amene mumadziwa nyanja ya Chilwa, kumene asodzi amagona m'zimbowera zoyandama, mukudziwa mmene mudzi umakhalira madzi akathawa. Nyanja zonse ziwirizi zili m'kaundula wa UNESCO wa malo achilengedwe ofunika kuwasamala. Tonle Sap inalowamo mu 1997.

Ndiye ngati mwayi utakugwerani, kaya wa sukulu kaya wa ntchito, mukafika ku Siem Reap musathere pa akachisi pokha. Miyezi yabwino yoona mudzi uli m'madzi ndi kuyambira September mpaka December. Kwerani timabwato timene amayi a m'mudzimo amapalasa polowetsa alendo m'nkhalango yomira, chifukwa ndalama yake imathandiza mabanja awo. Foni ija muigwire bwino, koma musaloze kamera m'nyumba ya munthu musanapemphe. Anthuwa ali pakhomo pawo, sali pachionetsero. Mukafuna kulowa m'kachisi wa Chibuda, vulani nsapato ndipo valani zobisa mapewa ndi mawondo.

Ndipo musaiwale kuyang'ana mizati ija. Pali mzere wakuda pamene madzi analekeza. Mufunseni wopalasa bwato kuti ali mwana unkafika pati.