Magazi sangothira chisawawa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa madandaulo amene ndimawamva kuno kwa ife ku Likhubula, akuti adokotala amakaniza ana odwala magazi pofuna ziphuphu kapena chifukwa cha nkhanza.

Inenso ndinkaganiza choncho. M'dzinja lina mdzukulu wanga adadwala malungo mpaka zikhatho kuyera mbee. Titafika naye kuchipatala adamuyeza nati magazi achepadi, koma sadamuthire tsiku lomwelo. Ndidapsa mtima ndi kuyankhula zambiri. Namwino wina adandikhazika pansi nandifotokozera mofatsa, ndipo mwanayo adachira ndi mankhwala okha. Zimene ndidaphunzira ndizo ndifuna abale anga amve.

Kuchipatala amayeza kuchuluka kwa magazi ndi nambala imene amaitcha Hb. Malangizo a bungwe la za umoyo la WHO amati mwana amene nambala yake yatsika kupitirira 4 athiridwe magazi msanga. Ikakhala pakati pa 4 ndi 6, amathira ngati mwanayo akubanika kapena wakomoka. Ngati akupuma bwino ndipo ali maso, amampatsa mankhwala ndi kumuyang'anira.

Kodi kudikiraku sikupha? Mu 2019 adatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa TRACT, amene adachitika ku Uganda ndi pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwa ana 1,565 amene sadali kayakaya, ena adathiridwa nthawi yomweyo, ena adadikira akuyang'aniridwa. Imfa sizidasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwa, ndipo pafupifupi theka la odikirawo adachira osalandira magazi. Adapezanso kuti mwana wosatentha thupi amathandizika ndi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, pamene wotentha thupi zimamuyendera bwino ndi 20. Ndiye kuti kuchulutsa si kuchiritsa ayi.

Tisaiwalenso kuti magazi ndi osowa. Botolo lothiridwa mwa mwana amene akadachira yekha likadapulumutsa mayi wotaya magazi pobereka usiku womwewo.

Komabe a chipatala nawo amve. Theka lina la ana odikira aja lidafunika magazi pambuyo pake. Choncho kudikira kuli ndi nzeru pokhapokha mwana akuyezedwa kawirikawiri ndipo magazi alipo mufiriji. Ndiponso muzitifotokozera ife makolo. Munthu wakumudzi ukamuuza chifukwa chake amamva, koma ukangomudutsa amapeka zake.

Nanga magaziwo achokera kuti? Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale. Sukulu zikatsekera pa Khirisimasi magazi amachepa, pomwe ndi nthawi imene mvula yayamba ndipo malungo akula. Ife akuluakulu tili kuti? Amangotenga pafupifupi mamililita 450, ndipo thupi limabwezeretsa lokha.

Kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe tikukumbukira za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa. Mantha amenewo tisawatengere kwa ogwira ntchito yotolera magazi, amene amabwera masana poyera, satenga kwa munthu wosafuna, ndipo amayeza magaziwo asanampatse wodwala.

Abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu, mawu anu ndi amene anthu amamvera. Aitanitseni otolera magazi pa misonkhano ya mpingo, ndipo muyambe ndinu kutambasula mkono. Muwauzenso makolo kuti akaona mwana wayera zikhatho ndi m'maso athamangire kuchipatala asadayambe kubanika, ndi kuti ana azigona m'masikito. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Gogo Wokhudzidwa,
Likhubula,
MULANJE.