Mwana Wafika, Tulo Tathaŵa

Mwezi wathawu, poyendera mabanja a m'mlaga mwathu, tinafika pakhomo pa mphunzitsi wina wachinyamata amene mkazi wake anali atachira masabata asanu apitawo. Tinkayembekeza kupeza chimwemwe chokhachokha. Koma tinapeza khanda likulira pamphasa, mayi ali pambali pake nayenso misozi ili mbwee, mateŵera ataunjikana m'beseni. Bambo anali kusukulu, ndipo kwawo kwa onse aŵiri nkutali. Titapemphera, mayiyo anati, "Abambo, kapena ine ndine mayi woipa. Mwanayu ndimamkonda, koma nthaŵi zina ndimangofuna nditathaŵa."

Tinene poyera: mayi ameneyu sanachimwe, koma watopa. Khanda limayamwa maulendo 8 kufikira 12 pa maola 24, ndipo silisiyanitsa usiku ndi usana. Kulira kwake kumanka kuchuluka mpaka likwanitse masabata 6, kenaka kumachepa pofika miyezi 3 kapena 4. Ife aphunzitsi timadziŵa kuti mwana amene sanagone bwino usiku umodzi amalephera ndi samu zosavuta zomwe. Nanga munthu amene sanagone mokwanira mwezi wathunthu?

Makolo athu ankachidziŵa chimenechi. Mayi akachira ankakhala m'chikuta kufikira mchombo wa mwana utagwa, ndipo agogo, azakhali ndi anansi ndiwo ankatunga madzi, kusinja ndi kuphika phala. Lero ntchito zatimwaza. Mwana woyamba akubadwira m'nyumba yalendi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, kopanda mbale aliyense. Katundu amene ankasenza amayi asanu wagwera munthu mmodzi, ndipo akaŵerama naye akudziyesa waulesi. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

Pa Numeri 11 timaŵerenga za Mose, amene analemedwa ndi Aisraeli mpaka kudzifanizira ndi mlezi wonyamula khanda, nadandaula kuti sangathe yekha. Mulungu sanamdzudzule. Anampatsa akulu 70 oti asenze naye katunduyo. Ngati Mose anaulula kutopa kwake, inu muchitirenji manyazi?

Tsono kwa inu amayi tikuti: tchulani chimene mukusoŵa. Mlendo akafunsa kuti athandize chiyani, musayankhe kuti zonse zili bwino. Muuzeni akatunge madzi kapena achape mateŵera. Mwana akagona, inunso gonani, mbale zidikire. Idyani ndi kumwa madzi mokwanira, pakuti miyezi 6 yoyamba mwanayo amadalira bere lokha. Ndipo mukaona kuti mtima wayamba kupsa chifukwa cha kulira kwake, mgonekeni chagada pamalo abwino, mutuluke panja mphindi zoŵerengeka kufikira mtima utsike. Musamgwedeze mwaukali ngakhale kamodzi, chifukwa kutero kungavulaze ubongo wake kapena kumupha kumene. Koma akatentha thupi, akakana kuyamwa, akamapuma movutika kapena akakomoka, thamangirani naye kuchipatala nthaŵi yomweyo.

Kwa inu abambo: mwanayo ngwanunso. Simungayamwitse, koma mungathe kumnyamula akatha kuyamwa, kumsambitsa, ndi kumtonthoza usiku kuti mnzanu agoneko maola atatu osadzidzimuka. Kuŵeruka kuntchito nkukachezera kubawo, pothaŵa phokoso la kunyumba, nkusiya mnzanu pamoto. Ngati nanunso mwalemedwa ndi nkhaŵa ya ndalama ndi kusoŵa tulo, kambiranani. Abambo nawonso amatopa.

Tisiyanitsenso zinthu ziŵiri. Amayi ambiri amangolira popanda chifukwa masiku aŵiri kapena atatu atachira, ndipo zimenezi zimatha zokha asanapite masabata aŵiri. Koma chisoni chikapitirira pamenepo, mayi osafuna kudya, osapeza tulo ngakhale mwana atagona, osakondwera ndi mwana wake, amenewo ndi matenda a maganizo odza pambuyo pa kubereka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti m'maiko osauka, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amavutika maganizo akachira. Si ufiti, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi matenda, ndipo amachizika. Uzani anamwino kapena alangizi a zaumoyo; musayembekeze tsiku la sikelo. Ngati mayi ayamba kuganiza zodzipweteka kapena kupweteka mwana, kapena kulankhula zosokonekera, asasiyidwe yekha, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

Mawu otsiriza ndi athu, ife a mpingo. Timafulumira kukaona mwana sabata yoyamba, titanyamula sopo ndi kansalu, kenaka nkuzimiririka, pamene masiku oŵaŵitsa ali m'tsogolo. Ena timafika nkukhala pampando kudikira tiyi kwa munthu amene sanagone. Enanso timamlasa ndi mawu akuti, "Ife tinalera asanu ndi atatu osadandaula," kuiŵala manja onse amene anatithandiza. Pa ubatizo mpingo umalandira mwanayo kukhala wake. Tsono udindo wathu usayambire pa Sande sukulu. Achinyamata, kutunga ndowa ziŵiri za madzi kapena kuŵaza nkhuni pakhomo lotere ndi utumiki weniweni.

Kubanja lija, amayi a Chigwirizano anagaŵana masiku: wina Lolemba, wina Lachitatu, wina Loŵeruka. Bambo anaperekeza mkazi wake kwa anamwino, ndipo usiku akumadzukako. Mwana akadali kulira, koma mayi salira yekha tsopano.

Kodi m'mlaga mwanu muli khomo limene mwabadwa mwana miyezi itatu yapitayi? Pitaniko sabata ino. Mukatha kufunsa za mwana, mufunsenso mayiyo kuti, "Nanga inu mwagona?"