Mpata umodzi mu lamulo, mafayilo onse apita

Chiyambire pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, eni makompyuta akale akhala akulangizidwa kusamukira ku Linux. Langizoli n'lomveka ndithu. Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 kamene malaputopu ambiri akaunjika alibe, pamene Linux Mint kapena Ubuntu zimayenda pa makina omwewo popanda kulipira. Chimene alangiziwo satchula kawirikawiri ndicho shell, zenera lakuda lija lolembamo malamulo, limene mlendo amatumizidwako akangokumana ndi vuto loyamba.

Shell simva chimene munthu akufuna, imamva chimene walemba. Imadula mawu paliponse pali mpata, ndipo lamulo la rm silikhala ndi dengu losungiramo zofufutidwa. M'chaka cha 2011, mzere wina wa pulogalamu ya Bumblebee unayenera kuchotsa kafoda kamodzi ka mkati mwa /usr/lib, koma mpata unalowa pambuyo pa /usr. Kompyuta inamva kuti yauzidwa kufufuta /usr yonse, mmene mumakhala mapulogalamu ambiri a dongosolo lonselo, ndipo inamvera.

Zimene zinachitika mu Januwale 2015 n'zophunzitsa koposa. Steam ya pa Linux inali ndi mzere wakuti rm -rf "$STEAMROOT/"* ndipo dzina lakuti STEAMROOT likapezeka lopanda kanthu, lamulolo linkasanduka rm -rf /* basi. Wogwiritsa ntchito wina anataya mafayilo ake onse, pamodzi ndi a mu hard drive yakunja imene ankasungiramo makope, poti inali yolumikizidwa. N'zoona kuti rm ya GNU imakana kufufuta / payokha, koma nyenyeziyo imamasuliridwa ndi shell rm isanaone kanthu, choncho chitetezocho chimalambalalidwa. Olemba mizereyi anali akatswiri. Nanga wophunzira amene akukopera lamulo loyamba ndi sudo pa gulu la WhatsApp, m'Chingerezi chimene sakuchimvetsa bwino?

Komatu otsutsa Linux asafulumire kuomba m'manja. Remove-Item ya PowerShell nayo sidutsa ku Recycle Bin, ndipo macOS, imene inatenga zsh mu 2019, ili ndi rm yomweyo. Mkangano wa dongosolo lopambana umangokhala ngati wa otsatira matimu a mpira.

Kunena zoona, anthu ambiri ku Lilongwe, Chipata kapena Tete sasankha n'komwe: amalandira chimene wogulitsa anaikamo. Amene ali ndi mwayi wosankha ayenera kuyang'ana ntchito yake ndi anthu omuzungulira. Mlembi amene ofesi yake imadalira Excel adzavutika pa Linux. Wophunzira za maseva adzapindula nayo kwambiri, makamaka ngati pafupi pali wina woidziwa womufunsa pamaso.

Wolangiza mnzake kusamuka ndiye ali ndi ngongole yaikulu, ndipo kumuikira dongosololo sikuithetsa. Amuphunzitse kuyamba ndi ls kapena echo kuti aone mafayilo amene lamulo likhudze asanalembe rm, kutsekera m'zizindikiro zogwira mawu dzina lililonse lokhala ndi mpata, ndiponso kuzula hard drive ya makope ikangomaliza kukopera n'kuiika m'kabati.