Kampani yoberedwa nayo iyankhe mlandu

Kampani ikaberedwa zinsinsi za makasitomala ake pa intaneti, chikalata chomwe imatulutsa chimamveka chimodzimodzi kulikonse: tachitidwa chipongwe, apolisi akufufuza, musade nkhawa. Mawu otere amaikhazika pampando wa wodandaula, chonsecho zobedwazo si zake. Dzina, nambala ya foni, tsiku lobadwa ndi nambala ya khadi la ku banki ndi za munthu amene anazipereka poti sakanathandizidwa popanda kutero, ndipo akuba akayamba kuzigwiritsa ntchito wolira amakhala iyeyo. Lamulo lomwe limalipitsa kampani yoberedwa chifukwa cha kusasamala kwake likulondola, ngakhale eni bizinesi ambiri amaliona ngati nkhanza.

Taonani za British Airways. Mu June 2018 wakuba analowa m'makompyuta a kampani ya ndegeyi pogwiritsa ntchito dzina ndi pasiwedi ya wogwira ntchito ku Swissport, kampani ina yomwe imawagwirira ntchito. Pakhomo limenelo panalibe loko wachiwiri, uja woti ukalemba pasiwedi pafunikenso nambala ina yotsimikizira kuti ndiwedi. Atakhazikika m'katimo anasintha tsamba lolipirira matikiti, moti wogula akalemba manambala a khadi lake ankawatumizanso kwa wakubayo osadziwa. Anthu oposa 400,000 anakhudzidwa. Miyezi iwiri inadutsa kampaniyo isanatulukire kanthu, ndipo mu September inachita kutsinidwa khutu ndi anthu ena akunja. Bungwe la ICO, lomwe limateteza zinsinsi za anthu ku Britain, linafuna kuilipitsa mapaundi 183 miliyoni, koma mu October 2020 linatsitsa chindapusacho kufika pa 20 miliyoni, mwa zina poganizira momwe Covid-19 inagwetsera makampani a ndege. Mlandu wake unali wakuti njira zotsekera khomolo zinalipo, sizinali zodula, ndipo zina zinali kale m'mapulogalamu omwe kampaniyo inkagwiritsa ntchito.

Otsutsa amati wolakwa ndi wakuba, nanga bwanji kukwapula woberedwa? Yankho lili pamsika uliwonse: wosunga njinga amene walandira ndalama yako n'kupita kukamwa tiyi sangakuuze kuti ukafunse mbala. Ndiponso lamulo la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito ku Ulaya pa 25 May 2018, silinena kuti kampani isaberedwe ngakhale kamodzi; limafuna chitetezo cholingana ndi kuopsa kwa zomwe yasunga. Kampani ya Equifax ya ku America inaberedwa zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni mu 2017 kudzera pabowo la pulogalamu lomwe chokonzera chake chinali chitatuluka kale mwezi wa March. Palibe amene anachiika.

Chodandaula china, chomwe chimamveka kwambiri kuno kwathu ku Malawi chikhazikitsireni lamulo la Data Protection Act la 2024, n'chakuti bizinesi zazing'ono zilibe ndalama zolembera akatswiri a makompyuta. Zoona, koma zinsinsi zambiri sizituluka ndi ukatswiri. Zimatuluka m'katoni ya mafotokope a ziphaso za unzika yomwe ili pansi pa kauntala, yomwe tsiku lina mapepala ake adzakulungira mandasi. Zimatuluka m'buku la pageti momwe mlendo amalemba dzina ndi nambala yake akuwerenga za onse amene alowa m'mawa wonse, komanso pagulu la WhatsApp la antchito pomwe mndandanda wa angongole umaponyedwa, ena mwa mamembala ake atasiya ntchito kalekale. Ngakhale kampani ya Experian ku South Africa mu 2020 sinathyoledwe makompyuta: munthu anangonamizira kukhala kasitomala, iwo n'kumupatsa okha zinsinsi za anthu okwana 24 miliyoni. Kufunsa zokhazo zomwe ntchito ikufuna ndi kuwotcha zomwe ntchito yake yatha sikulira ndalama.

Mfundo yolemera ya otsutsa ndi yakuti chindapusa chimapita kuboma, woberedwa weniweni osalawako. Iyi siyoikana. Koma chomwe chimamuthandiza msanga munthuyo ndi kuuzidwa nthawi ilipo, atseke khadi, asinthe pasiwedi, akayikire foni yodzitcha ya ku banki. N'chifukwa chake GDPR imapereka maola 72 okha kuti kampani idziwitse bungwe loyang'anira. Popanda chikakamizo chotero kampani imasankha kubisa, monga inachitira Uber mu 2016 pomwe inalipira akuba madola 100,000 kuti asaulule zakuti aba zinsinsi za anthu 57 miliyoni. Mkulu wake wa zachitetezo, Joe Sullivan, khothi linamupeza wolakwa mu 2022.

Chatsala n'kuona komwe MACRA, yomwe yapatsidwa udindo woyang'anira lamulo lathuli, iyambire. Ikayambira pa ajenti a m'tikiyosiki, eni bizinesi adzakhala ndi chifukwa chonenera kuti ndi msonkho wina chabe. Ku South Africa bungwe la Information Regulator mu 2023 linalipitsa dipatimenti ya boma ya zachilungamo marandi 5 miliyoni pa nkhani ya malaisensi a mapulogalamu otetezera makompyuta omwe sanakonzedwenso atatha. Kuno zinsinsi zochuluka zili m'manja mwa mabanki, makampani a foni ndi maofesi a boma, ndipo kafukufuku woyamba ayambire kumeneko.